Njinga Yakale: Tikonzetse Kapena Tigule Ina?

Abale anga a m'midzi, ino ndi nyengo imene chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza ndi soya zapita kumsika, ndipo m'thumba la mlimi muli kandalama. M'nyumba zambiri, kuseri kwa chitseko kapena pakhonde, yatsamira njinga yakale imene inaleka kuyenda mvula ili pakati. Mwini wake aiyang'ana nadzifunsa kuti, "Kodi ndiikonzetse, kapena ndigule ina?" Funso limeneli si laling'ono ayi. Ndalama ya mlimi ibwera kamodzi pa chaka, ndipo yomweyo ikudikiridwa ndi feteleza, mbewu, fizi ya ana ndi malata. Komanso mudziwa nonse kuti njinga pamudzi si chidole. Ndiyo ipita kuchigayo, ndiyo ikatenga feteleza, ndiyonso inyamula mayi wodwala usiku kunka naye kuchipatala.

Ine funsoli linandigwera chaka chatha. Njinga yanga ndi ija yakuda ya mabuleki achitsulo. Bambo anga anabwera nayo m'chaka cha 1968 pochokera ku Salisbury, kumene lero titi Harare, ndipo atatisiya inakhala yanga. Tsono inafika poti tcheni chingodumpha, gudumu lakumbuyo lingopepeluka ngati munthu wochokera kumowa, masipoko 7 atathyoka. Mwana wanga wamkulu anati, "Bambo, chitsulochi chatopa. Gulitsani kwa ogula zitsulo zakutha, tigule yatsopano." Koma mayi akunyumba anati, "Abambo, musanagulitse kapena kugula kanthu, tiyeni tiyambe taiona bwino, tiwerengenso ndalama." Tinachita monga mwa mawu awo, ndipo zimene tinatsata ndizo ndifuna kukuuzani.

Choyamba, musafunse zaka za njinga. Funsani za felemu yake. Njinga ifanana ndi nyumba. Udzu wa padenga timafolera wina chaka ndi chaka osadandaula, koma mizati ikadyedwa ndi chiswe nyumbayo yatha. Matayala, machubu, tcheni, masipoko, mphira za mabuleki ndi timipira tachitsulo ta m'habu, zonsezi ndi udzu wa padenga. Zinapangidwa kuti zidzitha, tidziikapo zina. Mizati ndi felemu.

Kuti muione bwino felemu, tsukani njinga ndi madzi ndi sopo, muiimike padzuwa. Yang'anani pamalo onse pamene mapaipi akumana: pansi pa handulo, pansi pa chishalo, pamene pazungulira kalanka, ndi kumbuyo kumene kumangidwa gudumu. Mng'alu woyamba umakhala waung'ono ngati tsitsi, ndipo kawirikawiri dzimbiri limaulondola ngati kamzere kofiira. Mukaona penti atakwinyika pamapaipi kuseri kwa handulo, dziwani kuti njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu ndipo chitsulo chinapindika. Dzimbiri lipaleni ndi mpeni. Ngati pansi pake patuluka chitsulo choyera, palibe mlandu. Koma ngati nsonga ya mpeni ilowa, ndiye kuti paipiyo yadyeka kuchokera m'kati.

Palinso njira yoonera ngati felemu ili yowongoka. Mangani chingwe kumbuyo, pamene palowa ekisulo ya gudumu, muchizunguze kutsogolo pa paipi yaifupi ija ya pansi pa handulo, nimubwere nacho kumbuyo mbali inayo. Kenaka yesani danga la pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo, kumanzere ndi kumanja. Likafanana, felemu ili bwino. Likasiyana kwambiri, njingayo idzayenda chammbali ndi kudya matayala masiku onse.

Za foloko ndinene mwapadera, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Foloko ikang'aluka kapena kupindika, musaiwongole ndi mwala, musaiwotcheretsenso. Gulani ina, pakuti imagulitsidwa payokha. Tcheni chikaduka mungotsika n'kumakankha. Koma foloko ikathyoka pamtsetse, wokwera agwa chamutu pamodzi ndi amene wam'nyamula. Chimodzimodzi mng'alu wa felemu pafupi ndi handulo. Kumbuyo, mmisiri wodziwa angathe kuwotcherera kamng'alu kamodzi njinga n'kuyendanso. Kutsogolo musayese.

Chachiwiri, felemu ikakhala yabwino, lembani papepala zonse zofunika kusintha, zonse pamodzi tsiku limodzi. Ambiri timatha ndalama chifukwa chokonza kamodzikamodzi: lero chubu, sabata yamawa masipoko, mwezi wamawa tcheni. Pakutha pa chaka tapereka mtengo wa njinga yatsopano osadziwa. Pitani kwa wokonza njinga amene mumkhulupirira, amasule mahabu ndi kalanka inu muli pomwepo, akuuzeni zonse zimene zadyeka. Mufunsenso wina wachiwiri, pakuti safunsa anadya phula.

Tcheni mungathe kuchiyesa nokha ndi lula ya mwana wasukulu. Pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini kufika pa pini inzake ndi theka la inchi. Chotero mukaika chiyambi cha lula pakati pa pini imodzi, tcheni chili chokoka, mzere wa mainchesi 12 ugwera pakati penipeni pa pini ina. Ngati piniyo yapitirira mzerewo ndi mamilimita 3, tcheni chatha, ndipo chadyanso mano a fuliwilo, kagiya kaja ka kugudumu lakumbuyo. Mano odyeka amasongoka ngati minga. Mukaika tcheni chatsopano pa mano otere chidzadumphabe, ndipo mudzati wogulitsa wakunyengani. Lembani zonse ziwiri papepala lanu.

Chachitatu, funsani ngati zitsulo za njinga yanuyo zipezeka pafupi. Apa eni njinga zakuda zakale ali ndi mwayi. Kapangidwe kake kanachokera ku England, kumene kunali Raleigh ya mumzinda wa Nottingham, imene inagulanso dzina la njinga za Humber m'chaka cha 1932. Fakitale ya ku Nottingham inaleka kutulutsa njinga m'chaka cha 2002, koma kapangidwe kaja sikanafe. A ku India, monga Hero ya ku Ludhiana imene inayamba m'chaka cha 1956, ndi a ku China, monga Phoenix ya ku Shanghai, anatsata maonekedwe omwewo. Ndicho chifukwa chake tayala lolembedwa 28 x 1½ likwana pa njinga ya agogo ndi pa njinga yogulidwa dzulo, ndipo mulipeza pamsika uliwonse waukulu. Chenjerani ndi mazinga okha, chifukwa ena sagwirizana. Popita kusitolo tengani chitsulo chakalecho m'manja, mukayerekeze.

Njinga za magiya ambiri zobwera pa kaunjika nkhani yake ndi ina. Magudumu ake ndi a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo zitsulo zina mupeza kutauni kokha. Ngati yanu ndi yotere, onjezani papepala ndalama ya ulendo wokafuna chitsulocho, ndi masiku amene njinga idzakhala chigonere.

Chachinayi, funsani mtengo wa njinga yatsopano, koma ikhale yolingana mphamvu ndi yanu yakaleyo. Njinga ndi zitsulo zake zichokera kunja, ndipo zigulidwa ndi ndalama zakunja. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Tsono munthu akamva mtengo wa njinga yolimba amathawira ku yotchipa yonyezimira, nati wagula yatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inyamuleni, mufinye masipoko ake ndi dzanja, muone kukhuthala kwa limu ndi kaliyala. Dzifunseni kuti, kodi imeneyi idzasenza thumba la makilogalamu 50 pamsewu wathu wa mabampu zaka zingati? Zolimba zilipo, monga ya Buffalo imene kaliyala wake anapangidwira katundu wa makilogalamu 100. Mtengo wa zolimba zoterezi ndiwo muulinganize ndi pepala lanu lija.

Lamulo limene ine nditsata ndi ili. Felemu ikakhala yamoyo, zitsulo zikapezeka pafupi, ndipo zonse za papepala zikapanda kupitirira theka la mtengo wa njinga yatsopano yolimba, konzetsani. Zikayandikira mtengo wa yatsopano, kapena felemu ikakhala yodyeka, gulani ina ngakhale mtima ukuwawa. Kwathu tinapeza felemu yowongoka, yopanda mng'alu. Papepala panali tcheni, fuliwilo, limu lakumbuyo ndi masipoko ake, tayala limodzi, timipira ndi mphira za mabuleki. Zonse pamodzi ndi malipiro a mmisiri zinafika ngati gawo limodzi la magawo atatu a mtengo wa yatsopano. Tinakonzetsa, ndipo ndalama yotsala inapita ku feteleza.

Musaganize kuti ndikuti kukonzetsa ndiko nzeru nthawi zonse. Mnansi wanga anali ndi njinga yaing'ono msinkhu kuposa yanga, koma inkagona panja mvula yonse. Madzi analowa m'mapaipi, ndipo pansi pa kalanka anawotcheretsapo katatu. Titapala ndi mpeni, nsonga inalowa. Iye amapita nayo kumsika masiku onse ndi madengu a tomato, ndipo tsiku limene njinga yagona ndiye kuti banja lagona ndi njala. Anagula yatsopano. Magudumu, chishalo ndi handulo za yakaleyo anasunga kuti zidzathandize mtsogolo, felemu nagulitsa kwa a zitsulo zakutha. Iyeyo anachita bwino, monganso ife tinachita bwino, ngakhale tinasankha zosiyana.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza mutu wa munthu pa nkhani iyi. China ndi chifundo: "Njingayi anandisiyira ndi malemu bambo." Ndichidziwa chifundo chimenechi, pakuti inenso ndili nacho. Koma chikumbutso sichisenza wodwala. Ngati felemu yatha, ipachikeni kudenga muzikumbukira, koma musakwezepo mwana. China ndi manyazi: "Anzanga onse ali ndi zonyezimira." Penti agulitsidwa m'kachitini, ndipo njinga yakale yopakidwa bwino siichititsa manyazi mwini wake. Chifukwa cha ziwirizi, musagamule nokha. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, pakuti ndalamayo munalima nonse, ndipo iwonso ndiwo amapita nayo kuchigayo.

Chotsala ndi nthawi. Chitani zimenezi tsopano, ndalama isanamwazike ndiponso misewu ili youma. Mukadikira Novembala mudzapeza ndalama yatha, ntchito ya kumunda yachuluka, ndipo njinga idzafunika tsiku lomwe ili yakufa. Ndipo kaya mwakonzetsa kaya mwagula, igoneni m'nyumba, dontheretsani mafuta pa tcheni sabata iliyonse, ikani gilizi m'mahabu kamodzi pa chaka mvula isanayambe, popani matayala mokwanira musanasenzetse katundu, ndipo sipoko imodzi ikathyoka ikani ina sabata yomweyo, isanakokere anzake.