Ronald Melzack ndi Kulemera kwa Dzina Lotchulidwa

Masiku ano munthu wa kafukufuku amayezedwa ndi manambala. Mukalemba dzina lake pa Google Scholar mumapeza mndandanda wa zonse zimene anasindikiza, ndipo pambali pa nkhani iliyonse pamakhala chiwerengero cha ofufuza ena amene anaitchula m'zolemba zawo. Mchitidwewu unazika mizu mu 1964, pamene Eugene Garfield anatulutsa Science Citation Index. Mu 2005 Jorge Hirsch anawonjezera muyezo wotchedwa h-index: wofufuza akakhala ndi h-index ya 40, ndiye kuti ali ndi nkhani 40 zimene iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 40. Mayunivesite ambiri amayang'ana manambala amenewa pokweza munthu pa ntchito ndi pogawa ndalama za kafukufuku.

Ine, amene ndimakonda kuwerenga mbiri ya sayansi ya ubongo ndi mitsempha, ndakhala ndikusinkhasinkha kuti kodi manambalawa amanena chiyani kwenikweni. Munthu amene wandithandiza kwambiri kulingalira za funsoli ndi Ronald Melzack wa ku Canada, amene anabadwira ku Montreal mu 1929 ndi kumwalira mu 2019. Moyo wake wonse anafufuza chinthu chimodzi chimene tonse timachidziwa popanda sukulu: ululu.

Melzack anaphunzira pa yunivesite ya McGill pansi pa Donald Hebb. Ali kumeneko anaona chinthu chodabwitsa pa agalu amene analeredwa okhaokha m'zikwere, osapunthwa, osalumana ndi anzawo. Atawatulutsa, ena a iwo ankapita kukanunkhiza lawi la machesi mobwerezabwereza ngati kuti sakupsa. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankatsatirabe ganizo lofanana ndi la René Descartes wa m'zaka za m'ma 1600, lakuti ululu uli ngati chingwe cha belu: moto ukakhudza phazi, chingwe chimakokedwa, belu limalira m'mutu. Agalu aja anasonyeza kuti nkhani siithera pa chingwe. Madokotala nawonso ankadziwa kuti ena mwa odwala amene adulidwa mitsempha pofuna kuthetsa ululu amayambanso kumva kuwawa, ndiponso kuti munthu wodulidwa mwendo amatha kulira ndi ululu wa phazi limene kulibe.

Ku MIT, ku America, Melzack anakumana ndi Patrick Wall wa ku England, katswiri wa mitsempha ya mumsana. Mu Novembala 1965 awiriwa anasindikiza nkhani m'magazini ya Science imene inafotokoza ululu m'njira yatsopano. Iwo anati uthenga wochokera pakhungu usanafike ku ubongo umadutsa pa malo ena mumsana amene amagwira ntchito ngati chipata. Timitsempha tating'ono tonyamula uthenga wa kuvulala timatsegula chipatacho. Mitsempha yokulirapo, yonyamula uthenga wa kukhudza ndi kusisita, imachikankhira kotseka. Ubongo nawo umatumiza uthenga wake kutsika mumsana, motero mantha, chidwi ndi zimene munthu anakumana nazo kale zimatha kukulitsa kapena kuchepetsa ululu. Mayi aliyense amene anasisitapo bondo la mwana wake atagwa ankachita zimenezi kalekale. Melzack ndi Wall anangopereka chifukwa chake.

Nkhani imeneyi ili m'gulu la nkhani zotchulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya kafukufuku wa ululu. Koma ndikayang'ana amene anaitchula, ndimapeza kuti sanali oombera m'manja okhaokha. Edward Perl ndi anzake anasonyeza, kuyambira mu 1967, kuti ilipo mitsempha imene ntchito yake yeniyeni ndi kumva kuvulala, mfundo imene Melzack ndi Wall sanaipatse malo okwanira. Mu 1976 Peter Nathan analemba nkhani yaitali m'magazini ya Brain yotsutsa mbali zingapo za ganizo la chipata. Aliyense wotsutsa ankayenera kutchula nkhani ya 1965 ija, ndipo chiwerengero chinkakwera. Woŵerenga manambala sasiyanitsa wobwera kudzathokoza ndi wobwera kudzadandaula. Onse amalembedwa m'kaundula mmodzi wa alendo. Komabe mtima wa ganizolo, wakuti msana ndi ubongo zimasintha uthenga wa ululu, unakhazikika, ndipo unabala zipatso zooneka. Timakina tochepetsa ululu potumiza mphamvu yochepa ya magetsi pakhungu, totchedwa TENS, tinakula kuchokera pamenepo. Apa nambala yaikulu ikunena zoona, koma zoona zake ndi zakuti nkhaniyo inapatsa anthu ambiri ntchito yoti achite.

Pali nkhani ina, ya m'munda womwewu, imene imandichititsa mantha. Mu 1980 Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston analembera kalata magazini ya New England Journal of Medicine. Kalatayo inali ya ziganizo 5 zokha. Inanena kuti mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala amene analandira mankhwala amphamvu opha ululu a mtundu wa morphine, anayi okha ndi amene anapezeka atagwidwa ndi chibaba cha mankhwalawo. Awa anali odwala oyang'aniridwa ndi anamwino kwa masiku owerengeka. Koma kalatayo inayamba kutchulidwa ngati umboni wakuti mankhwalawa ndi osaopsa ngakhale kwa munthu amene akumwa kunyumba kwa zaka. Mu 2017 ofufuza a ku Canada anawerenga ndi kupeza kuti inali itatchulidwa ka 608, ndipo oposa 70 mwa 100 alionse anaitchula monga umboni wakuti chibabacho sichichitika kawirikawiri. Pofika nthawiyo anthu miyandamiyanda ku North America anali atafa ndi mankhwala a mtundu umenewu. Kalata ija sinali yokha yoyambitsa tsokali, koma inakhala ndodo imene ogulitsa mankhwala anatsamira.

Chondikhudza kwambiri n'chakuti Melzack mwiniwake anali mmodzi wa amene anatchula ntchito ya Porter ndi Jick. Mu 1990 analemba m'magazini ya Scientific American kudandaula kuti odwala ambiri, makamaka a khansa, akuvutika ndi ululu wosafunikira chifukwa madokotala akuopa kuwapatsa morphine. Dandaulo lakelo linali la chilungamo, ndipo kwathu kuno likadali la chilungamo: lipoti la bungwe la akatswiri la magazini ya The Lancet la mu 2017 linasonyeza kuti theka losauka la anthu a pa dziko lapansi limalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a mankhwala amenewa. Amene anadwazikapo m'bale wa khansa m'mudzi akudziwa usiku umene ndikunena. Koma umboni umene Melzack anatsamirapo pa mfundo imeneyo unali wopepuka kuposa mmene mbiri yake inkamvekera. Ngati katswiri wa msinkhu wotere anatha kunyamula mtolo asanaumasule, nanga ife amene timangoona nambala pa kompyuta?

Ntchito ya Melzack imene ndimaikonda koposa, ndipo ndikhulupirira ikukhudza ife a m'gulu lino la chilankhulo, ndi ya mawu. Ali ku Oregon, pa chipatala cha William Livingston, anayamba kulemba mawu amene odwala ankagwiritsa ntchito pofotokoza kuwawa kwawo. Mu 1971 iye ndi Warren Torgerson anasanja mawuwo m'magulu, ndipo mu 1975 anatulutsa McGill Pain Questionnaire, pepala la mafunso lokhala ndi mawu 78 m'magulu 20. Linasindikizidwa m'chaka choyamba cha magazini ya Pain, imene mkonzi wake woyamba anali Wall. Pepalali lamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo nalonso latchulidwa kambirimbiri. Koma eni mawu aja, odwala amene anauza mnyamata wophunzira kuti ululu wawo ukuotcha, ukubaya, ukukoka, sapezeka pa mndandanda uliwonse wa otchulidwa.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira mmene agogo anga ankafotokozera matenda. Sankangoti akumva kuwawa. Ankati m'mimba mukupota, kapena mukuluma, ndipo ziwirizi sizinali zofanana. Ankati m'nthiti mukubaya, thupi likuphwanya, mapazi akuyaka, dzanja lachita dzanzi, bala likunyerenyetsa, mutu wagwidwa ndi litsipa. Liwu lililonse linkaloza malo, mphamvu ndi mtundu wa ululu. Melzack anamvetsa kuti dokotala amene amamva kusiyana kwa mawu otere ali kale pakati pa ulendo wopeza matenda. Wodwala wa ku Dedza, wa ku Chipata kapena wa ku Angónia akafunsidwa kuti asankhe nambala pakati pa 0 ndi 10, amapereka yankho. Koma akaloledwa kunena kuti mukupota, amapereka chidziwitso.

Sindikunyoza manambala a ofufuza. Amatiuza kumene anthu ambiri ayang'ana, ndipo wophunzira amene akuyamba kumene amafunika kudziwa zimenezo. Koma mndandanda umodzi womwewo umasunga ganizo la chipata limene linatsegula njira, kalata ya ziganizo 5 imene inasocheretsa ambiri, ndi pepala la mafunso lomangidwa ndi mawu a anthu osatchulidwa maina. Kuti mudziwe chimene chili chiti, muyenera kutsegula nkhaniyo ndi kuiwerenga, kufunsa kuti odwala anali angati, anali kuti, ndipo anawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji.

Kwa inu abale anga a m'gulu lino, makamaka anamwino ndi madokotala amene mumamva mawu a odwala tsiku ndi tsiku ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, pempho langa ndi ili: tilembereni pano mawu a ululu a kwanu, ndi tanthauzo lake monga mmene odwala amaligwiritsira ntchito. Titiuze ngati kupota kwa ku Kasungu ndi kumodzi ndi kwa ku Katete. Melzack anayamba chimodzimodzi, ndi kabuku ndi khutu lomvetsera.