Za Garu wa Mitundu Iwiri

Zomba anali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ndipo Azungu ambiri okhala m'menemo anaweta agaru a kwao. Chotero sitizizwa munthu akatipatsa kamwana ka garu, nati, amake ndi Beagle, atate wake ndi Pointer. Ambiri a ife titambasula manja msanga chifukwa cha kukongola kwake, osayamba tafunsa kulemera kwa katundu amene tirikusenza.

Tiyambe ndi makolo ake. Beagle ndiye garu wamfupi wa ku England, wa makutu akulu olendewera, amene nchito yake ndi kulondola kalulu ndi mphuno. Akamva fungo alira mokweza, nathamanga, ndipo ngakhale mwini wake afuule chotani, iye sachewuka ai. Pointer ndi wamtali ndi waliwiro, wofunafuna mbalame. Akaipeza nkhwali saigwira, koma aima nji, nakweza mwendo umodzi wa kutsogolo, mphuno italoza pomwe yabisala. Akulu anati, make mbuu, mwana mbuu. Wobadwa kwa awiriwa akhala wa msinkhu wapakati ndi ubweya waufupi, wofatsa pakati pa ana, koma mtima wake uli kuthengo.

Pamenepa ndipo pagona bvuto. Garu wotere akakhala pa unyolo tsiku lonse, auwa usiku wonse, nakumba pansi pa mpanda, nagwira nkhuku za mnansi, mlandu nufika kwa amfumu. Chomsowa ndicho kuyenda, m'mawa ndi madzulo, ola limodzi kapena kuposa. Ife a ku Zomba tiri ndi mwai, pakuti ulipo msewu wokwera ku Chawe, ndi njira za m'mbali mwa Mulunguzi pansi pa mitengo ya paini. Koma kumeneko tisammasule chingwe. Phirilo ndi nkhalango yosungidwa ndi Boma, m'mene kusaka nkoletsedwa. Anyani ali ndi mano otha kung'amba garu. Ndipo wotsata fungo m'nkhungu asokera, osabweranso.

Za thupi lake, tiyang'anire zinthu zinai. Makutu olendewera asunga chinyezi, makamaka nyengo ya dzinja. Tiwapukute ndi kansalu koyera sabata iriyonse, ndipo akayamba kununkha, garu napukusa mutu kawirikawiri, tipite naye kwa mlangizi wa ziweto. Nkhupakupa za mu udzu zipatsa malungo oononga magazi: nkhama ziyera, mkodzo uda, garu nakana kudya, ndipo tikachedwa afa masiku owerengeka. Chifukwa chake timfufuze pobwera kuthengo, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala. Mphutsi zolowa m'khungu zichokera ku mazira amene nchenche ziikira pa dothi lonyowa ndi mkodzo. Tsono pogona pake pakhale pouma ndi posesa. Chachinai ndicho chakudya. Nsima yokha siimanga thupi; tisakanizemo matemba a ku Chilwa kapena usipa, koma mafupa a nkhuku ophika asadye, pakuti asweka nalasa m'mimba. Magazi a Beagle ali osusuka. Muyeso wabwino ndi uwu, kuti nthiti zimveke pokhudza, koma zisaoneke ndi maso.

Koposa zonsezi ndi chiwewe, pakuti chimenechi sichithera pa garu. Garu woyendayenda akomana ndi nkhandwe ndi agaru opanda mwini, nabwera nayo nthendayo pakhomo pamene ana athu asewera. Louis Pasteur wa ku France anayamba kupulumutsa anthu olumidwa ndi katemera wake m'chaka cha 1885, koma njira yoposa ndiyo kutemera garu asanalume. A bungwe la Mission Rabies anayamba kutemera agaru kwaulere mu Blantyre m'chaka cha 2015, nafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu mu 2016. Odziwa za nthendayi ati agaru 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera, chiwewe chisowa podutsa. Garu wathu asakhale pakati pa otsalawo. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, nanke kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati garu adzadwala. Pakuti zizindikiro zikaoneka mwa munthu, mankhwala palibenso.

Garu wotere, wosamalidwa bwino, akhala zaka 12 kapena kuposa. Kamwana kotengedwa chaka chimene mwana wathu ayamba Sitandade 1 kadzakhala kakali pakhomo iye polemba mayeso a Fomu 4. Tsono, abale, tisanakalandire, tiyambe tayesa mphamvu ya miyendo yathu, tione m'nkhokwe, tidziwenso kumene mlangizi wa ziweto akhala. Zikatikanika, tikasiye kwa wina wokhoza. Pamenepo palibe manyazi.