Mafelemu atatu

Laputopu yanga inagulidwa ndi mbuzi zinayi za amalume. Anazigulitsa mu 2022, n'kundipatsa ndalama zili m'kapulasitiki ka shuga, ndipo ndinakwera minibasi pa Chinyunyu kukaigula ku Lusaka. Inali yogwirapo kale ntchito, koma m'kati mwake munali khadi ya zithunzi ya GTX 1050. Ndi makina amenewa ndimakonza mavidiyo a maukwati, a chilanga mulilo ndi a makwaya kuyambira kwathu kuno mpaka ku Mpanshya. Mchere wa panyumba ndi mayunifomu a mlongo wanga zimachokera mmenemo.

Mu Okutobala 2024 madzi anali atachepa kwambiri ku Kariba, ndipo malaiti ankabwera pakati pa usiku kwa maola owerengeka. Munthu wanzeru akanathera maola amenewo pa ntchito. Ine ndinali ndi vidiyo ya ukwati yoti ndipereke Loweruka, koma maso anali pa Facebook, pomwe anyamata a m'tauni ankaonetsana zotsatira za Unigine Heaven. Iyi ndi pulogalamu yoyesera mphamvu ya khadi: imaonetsa mudzi woyandama m'mitambo ndi chinjoka chamapiko, kwinaku ikuwerenga kuti khadi ikujambula mafelemu angati pa sekondi. Yanga inkapereka 31. Wina analemba kuti laputopu yotero ndi yoonerapo mafilimu a ana. Mawu amenewo anandikhala pakhosi masiku awiri.

Lachitatu usiku malaiti atabwera ndinatsegula MSI Afterburner. Khadi ya zithunzi ili ndi liwiro lake, loyezedwa mu MHz, ndipo opanga amasiya kampata kuti isamalakwitse. Kuchita overclock ndi kudya kampata kameneko. Ndinakweza liwiro ndi 50 MHz, n'kuyesa: 32. Ndinafika pa 100, n'kukwezanso la memory: 33. Pa 150 ndinaona 34, mtima n'kugunda ngati ndapeza nyama pamsampha. Ndinajambula sikirini, n'kudina kabatani koti liwiro latsopanoli lizidziyambira lokha Windows ikamatseguka.

Pakona ya sikirini panali nambala ina imene sindinafune kuiona. Kutentha kunali kutadutsa madigiri 90. Kompyuta ya padesiki ili ndi malo, mphepo imayenda. Mu laputopu, khadi ndi purosesa zimagawana timapaipi ta kopa ndi kafani kamodzi kapena tiwiri. Kutentha kukakwera, khadi imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, moti zimene wawonjezera ndi dzanja ili zimachoka ndi dzanja linalo. Ndipo ine ndinali m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala, makoma akadali ofunda ngati mbaula. Ife a ku Chinyunyu timakula tikuona madzi otentha akutumphuka pansi, nthunzi ili tolotolo m'mawa. Ndinayenera kukhala woyamba kulemekeza kutentha.

Mtima wosakhuta unandituma pa 200. Chinjoka chija chinatuluka timadontho tobiriwira, mitambo inang'ambika mizeremizere, kenako sikirini inada bii. Ndinayatsanso. Windows inatseguka, kabatani kaja kanagwira ntchito yake, sikirini inadanso. Ndili mkati moyesa kachitatu, malaiti anapita. Batire la laputopuyo linatha kalekale, silisunga moto ndi mphindi khumi zomwe.

Tsiku lonse la Lachinayi ndinali ngati wofedwa. Sindinkadziwa ngati ndaotcha khadi, ndipo khadi ya laputopu ndi yomatiriridwa ku bodi, sungaizule n'kuika ina. Ukwati wa anthu unali mmenemo, kuyambira kulowa kwa mkwatibwi mpaka mawu a agogo ake amene anachita kunyamulidwa kuti afike. Nsima ya masana inandikanika. Amalume anazindikira.

"Mphwanga, chavuta n'chiyani?"

"Amalume, ndinafuna kuti makina aja azithamanga kwambiri. Mwina ndawapha."

"Anali kuchedwa pa ntchito?"

"Iyayi, amalume."

"Nanga unali kuthamangira kuti?"

Ndinalibe yankho. Sanakalipe. Anangonena kuti iwo dzuwa likafika paliwombo amamasula ng'ombe pagoli, chifukwa mawa kulinso munda. Anatenga khasu lawo n'kumapita. Bwenzi atanditukwana, zikanapepuka.

Malaiti atabwera usikuwo ndinalowa mu Safe Mode, mmene Windows imatseguka popanda mapulogalamu odziyambira okha. Sikirini inawala. Ndinachotsa Afterburner manja akunjenjemera, n'kuyatsanso. Khadi inali yamoyo. Chinthu choyamba chinali kukopera ukwati uja pa fulashi, zimene ndinayenera kuchita sabata yathayo.

M'mawa mwake ndinamasula chivundikiro cha pansi. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mphepo panali fumbi logwirana ngati bulangete, fumbi la m'mbali mwa Great East Road la zaka ziwiri. Ndinalichotsa ndi mswachi wakale. Ndinaika laputopu pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mphepo izilowa pansi. Nditayesanso Heaven pa liwiro la kufakitale, kutentha kunaima pa 78, ndipo mafelemu anali 33. Mswachi unandipatsa awiri mwa atatu aja, popanda kuika mbuzi za amalume pamoto.

Vidiyo ndinaipereka Lolemba m'malo mwa Loweruka. Amayi ake a mkwatibwi anali ataitana abale ochokera ku Luangwa kuti adzaonere limodzi, ndipo abalewo anabwerera osaona kanthu. Ndinapepesa nditagwada, n'kuchotsako ndalama pa mtengo. Anandikhululukira, koma ukwati wa mwana wawo wachiwiri anaitana wina.

Chithunzi cha 34 chija chikadali m'foni. Sindinachitumize kwa anyamata a m'tauni aja. Loweruka lililonse loyamba la mwezi ndimatenga sikuludiraiva ndi mswachi, ndipo amalume akandipeza pakhonde ndikupukuta fani amangofunsa ngati ng'ombe yamwa madzi.