Mzele wa ndeke zimene zikalibe kupangidwa

Mu June 2023, pa cionetselo ca ndeke ca ku Paris, kampani ya IndiGo ya ku India inaitanitsa ndeke 500 kwa Airbus tsiku limodzi. Anthu ambili anadabwa na ciwelengelo cimeneci. Ine cimene cinandikhala mu mtima ni nthawi yake. Ndeke zimenezi zidzayamba kupelekedwa mu 2030, ndipo zotsiliza zidzatuluka mu 2035. Mwana amene anayamba giledi 1 caka cimeneco adzakhala atamela ndevu.

Nchito yanga ni ya coko na bolodi, ndipo ndeke nakwelapo kawili cabe. Nkhani zimenezi nimazitsatila kaamba ka amai. Mlongo wanga wamng'ono ni nesi ku Leeds, ndipo ali na ana awili amene amai sanawanyamulepo kumsana. Amawaona pa foni, kuseka nawo, kenako amapukuta galasi ya foniyo na citenge. Conco funso lakuti ni ndeke ziti zimene zimatela pa Lusaka, ndipo zimapita kuti, kwa ife ni nkhani ya m'nyumba.

Ndeke zikulu-zikulu zonyamula anthu zimapangidwa makamaka na makampani awili, Airbus ya ku Europe na Boeing ya ku America. Munthu sapitako na ndalama n'kubwelako na ndeke monga amacitila na galimoto. Amalipila ndalama yoyamba, ndipo amapatsidwa malo pa mzele, kutanthauza mwezi na caka camene ndeke yake idzatuluka m'fakitale. Pamene caka ca 2024 cinali kutha, Airbus inali na ndeke zopitilila 8,000 zimene anthu anaitanitsa koma zikalibe kupangidwa. M'caka conseco inapeleka 766. Wophunzila wanga aliyense angagawe masamu amenewa na kuona kuti wofika lelo adzayembekeza zaka zambili. Boeing inapeleka 348 cabe.

Mzelewu unatalika kaamba ka mavuto otsatizana. Ndeke ziwili za Boeing 737 MAX zinagwa, ina ku Indonesia mu 2018, ina ku Ethiopia mu March 2019, ndipo anthu 346 anafa. Ndeke za mtunduwu zinaimitsidwa kwa nthawi yoposa caka na hafu. Kenako kunabwela Covid, mafakitale anataya amisili ambili. Mu 2023, kunapezeka vuto m'zitsulo za mainjini a Pratt & Whitney, ndipo ndeke zambili za Airbus zinakhazikidwa pansi kuyembekeza kukonzedwa. Mu January 2024, cotseka khomo ca 737 MAX cinazuka ndeke ili m'mwamba, ndipo boma la America linaletsa Boeing kupanga ndeke zimenezi zopitilila 38 pa mwezi.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 mizele timaidziwa bwino. Mbili ikamveka kuti ku sitolo ya boma kwabwela unga kapena saladi, amai anali kutiutsa kukali mdima. Munthu mmodzi anali kugula thumba limodzi, conco banja la ana ambili ndilo linali na mwai. Ife tinali atatu cabe. Amai anapangana na amai a nyumba yoyandikana nayo, amene anali na ana asanu. Tinali kuima monga a banja limodzi, ndipo zogulazo anali kugawana madzulo. Panalinso anyamata amene anali kugona pa khomo la sitolo, n'kugulitsa malo awo kwa anthu ocedwa. Unga unali na mtengo wake, malo nawonso anali na mtengo wake.

Izi n'zimene nimakumbukila nikamva kuti makampani a ndeke aphatikizana. Wogula kampani inzake amatenga ndeke zake, oyendetsa ake, na malo ake pa mzele. Mu 2022, JetBlue ya ku America inagwilizana zogula Spirit na madola 3.8 biliyoni. Onse awili anali kuyendetsa ndeke za Airbus, ndipo Spirit inali na zina zimene inali kuyembekeza. Woweluza wa ku Boston anakana mu January 2024, poona kuti anthu amene amadalila matikiti otsika mtengo adzavutika. Alaska Airlines inakwanitsa kugula Hawaiian mu September 2024, ndipo pamodzi na kampaniyo inapeza ndeke za maulendo ataliatali zimene inalibe. Caka cotsatila inayamba ulendo wocoka ku Seattle kupita ku Tokyo. Ku India, Air India inaitanitsa ndeke 470 mu 2023, kenako inameza Vistara mu November 2024.

Kampani imene ikuitanitsa ndeke 500 imakhala pa tebulo na kukambilana mtengo. Yofuna ndeke zitatu imauzidwa caka, ndipo ikakana imapita kukabweleka ndeke zakale, zimene nazonso zinakwela mtengo cifukwa eni ake akuzisunga poyembekeza zatsopano. Ndeke yakale imadya mafuta ambili, ndipo ndalama imeneyo imathela pa tikiti. Komanso kampani ikakhala na ndeke zocepa, imazitumiza kumene kuli ndalama zambili. Lusaka saikumbukila poyamba.

Kale tinali na yathu. Nkwazi, DC-10 ya Zambia Airways, inali kucoka pa Lusaka mpaka ku London, ngakhale ku New York. Atate sanaikwelepo, koma ikadutsa anali kuima na khasu m'manja mpaka phokoso lake litatha. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994. British Airways inasiya kubwela kuno mu 2013. Kucokela nthawi imeneyo, wopita ku Britain amayamba wazungulila ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Dubai kapena Doha.

Dzina la Zambia Airways linabwelela mu December 2021. Boma lili na magawo 55 pa 100, ndipo Ethiopian Airlines ili na 45. Ethiopian imeneyi ili na gawo mu Malawi Airlines na mu ASKY ya ku Togo, ndipo mu November 2023, ku Dubai, inaitanitsa ndeke zina kwa Boeing na Airbus. Anzanga ena ku sukulu amati n'zocititsa manyazi kuti mbendela yathu iziuluka pa mapiko a eni ake. Nimawamva, pakuti nanenso n'nakula nikuyang'ana Nkwazi. Koma nimakumbukilanso kuti amai sanacite manyazi kutiimika pamodzi na ana a eni, ndipo tinadya. Mutu umodzi susenza denga.

Cimene cimanidetsa nkhawa n'cina. Pa mzele uja, amai awili aja anali olingana, ndiye cifukwa cake kugawana kunali kosavuta. Mnzako akakhala wamkulu kukuposa kwambili, ndiye amasankha ndeke imene udzapatsidwa na kumene idzapita, ndipo kwa iye n'copindulitsa kuti onse azipitila pa khomo pake. Makampani akamacepa, ofunsa mtengo amasowa kwina kothawila. Woweluza wa ku Boston anaganizila anthu a kwao. Sinidziwa kuti wokwela wa ku Katete amamuganizila ndani.

Amai ali na zaka 74, ndipo mawondo amawavuta. N'tawafotokozela kuti ndeke zatsopano zimayembekezeledwa mpaka m'ma 2030, anaseka.

“Mwana wanga, ine ningaime pa mzele umenewo? Nipezele cabe ya kuzungulila.”

Tawagulila tikiti ya mu August. Adzacoka ku Katete pa basi, kugona kwanga, kenako kusintha ndeke kawili asanaone adzukulu awo. Tawapemphela mpando wa mawilo pa bwalo lililonse la ndeke. Nawalembela pa pepala, m'zilembo zikulu-zikulu, mau amene adzaonetsa munthu aliyense wovala yunifomu. Pepalalo alimanga pa mfundo ya citenge, pamodzi na nshawa zokazinga za ana.