Zigoba Zonamiza Maso

Ntchito yanga m'boma ndi yosanja makalata. Kalata ikafika, ndimayenera kugamula fayilo yomwe ikhalemo, ndipo zaka zimene ndagwira ntchitoyi zandiphunzitsa kusakhulupirira mutu wa kalata. Mwina n'chifukwa chake ndimakonda kuwerenga za akatswiri osanja zigoba za tizilombo ta m'nyanja zamchere totchedwa brachiopod, zigoba zomwe zinasanduka miyala kalekale. Ndimawaona ngati anzanga pantchito, kungoti mafayilo awo ali ndi zaka mamiliyoni mazanamazana.

Ukangoona koyamba, ungati brachiopod ndi mbale wa nkhono za zigoba ziwiri zimene ana amatola m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi. Palibe chibale, ndipo iye sakhala n'komwe m'madzi opanda mchere. Zigoba za nkhono zathuzi zimalingana ngati manja awiri ophatikizidwa. Za brachiopod ayi: china n'chachikulu kuposa chinzake, ndipo chachikulucho nthawi zambiri chimakhala ndi kabowo kotulukira kamchira kogwirira pathanthwe.

M'chaka cha 1869, Thomas Henry Huxley anagawa tizilomboti m'magulu awiri. Gulu lina zigoba zake zimalumikizana ndi timano tolowa m'timaenje, monga mahinji a chitseko, pamene gulu linalo zigoba zimangogwiridwa ndi minofu. Kagawidwe aka kanakhala zaka zoposa 100. Koma mu 1996 Alwyn Williams ndi anzake anatsegulanso fayiloyo n'kukhazikitsa magulu atatu. Mwa zina, anaona kuti pakati pa topanda mano tija panali mitundu iwiri yosiyana: wina, monga Lingula yemwe alipo mpaka lero, chigoba chake n'cha mchere wofanana ndi wa m'mafupa athu, pamene winawo chigoba chake n'cha mwala wa laimu. Kusowa mano kokha ndi komwe kunawaika pamodzi.

Chimene chimanditenga mtima kwambiri ndi bodza la maonekedwe. Tizilombo tiwiri topanda chibale chapafupi, tikamakhala m'matope ofanana ndi kudya mofanana, timatha kumera zigoba zofanana ndendende: mizere yomweyo, kutukuka komweko. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pano m'katimo ndi momwe muli umboni. Muli kafupa kopyapyala komwe kankachirikiza chiwalo chosefera chakudya m'madzi. Mwa a spiriferid kafupako n'kopiringizika ngati sipuling'i, mwa a terebratulid n'kokhota ngati khwekhwe la msampha, ndipo mwa a rhynchonellid ndi tinyanga tiwiri basi.

Tsono vuto n'lakuti chigobacho chinafa chotseka, matope analowamo n'kuuma gwa. Ungaone bwanji m'kati? Helen Muir-Wood, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku nyumba yosungira zinthu zachilengedwe ya ku London, anatchuka ndi njira yopera. Umapera chigobacho pang'ono zedi, n'kujambula zomwe zaonekera, n'kuperanso, n'kujambulanso, mpaka zojambulazo zikusonyeza kafupa konse. Pamene ukudziwa dzina la chilombocho n'kuti mwiniwake atasanduka fumbi. Chotsala ndi mapepala ndi chifanizo cha pulasitala chimene unaumba usanayambe kupera.

Ine izi zimandipweteka, poti kuntchito kwathu kuononga chikalata choyambirira ndi mlandu wochotsetsa munthu ntchito. Komabe sindingawadzudzule. Zigoba zimenezi zimathandiza kudziwa zaka za matanthwe, ndiye ukaphonya dzina la chigoba ukhoza kuphonyanso zaka za thanthwe lonse. Ndipo zosanjazo n'zambiri: mitundu yopezeka m'miyala imaposa 12,000, pamene yamoyo lero ndi mazana ochepa chabe. Yochuluka inatheratu pa chiwonongeko chachikulu cha zamoyo zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo.

Masiku ano kuli makina a CT, onga a m'chipatala aja, otha kuunika m'kati osapera. Amathandiza ndithu pamene chodzaza m'chigobamo chili chosiyana ndi chigobacho. Koma ngati m'kati muli laimu ndipo kafupa nakonso n'kalaimu, chithunzi chimangotuluka mbuu, ndipo katswiri amabwereranso ku mwala wake woperera.