Pamsana pa Njovu

Ife anthu timakonda kuombera m'manja munthu wamphamvu, koma kawirikawiri sitifunsa kumene iye adzalowera tsiku limene maondo ake adzayambe kukana. Bwalo la masewero limabwereka thupi la mnyamata kwa zaka zowerengeka, kenaka nkulibweza lili lofooka ndi lazipsera. Nchifukwa chake moyo wa Alan Page ngwoyenera kuti tiulingalire mofatsa.

Page adabadwa m'chaka cha 1945 mumzinda wa Canton, m'chigawo cha Ohio ku America. Atatsiriza maphunziro pa yunivesite ya Notre Dame mu 1967, adalowa m'timu ya Minnesota Vikings, yosewera mpira wa kumeneko, uja wonyamula m'manja ndi wogwetsana. Ntchito yake idali yotchinga adani. Mu 1971 adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi ya NFL, ulemu umene wotchinga wina aliyense adali asanaulandirepo. Kanayi konse adafika pa mpikisano wotsiriza wa Super Bowl, ndipo kanayi konse timu yake idagonja. Kachala kake kakang'ono kadapindikiratu chifukwa cha kugweduka kosaleka.

Chimene chimatigwira mtima si ulemuwo ai. Pamene dzina lake lidali pakamwa pa khwimbi la anthu, iye ankakhala pa desiki kuphunzira zamalamulo, ndipo mu 1978 adalandira digiri pa yunivesite ya Minnesota akusewerabe. Makolo adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Page adadziwa kuti tsiku lotsika lidzafika. Adasewera komaliza mu 1981, ndipo mu 1992 anthu adamsankha kukhala woweruza m'bwalo lalikulu la milandu la Minnesota, munthu wakuda woyamba pa mpandowo. Adatumikira kufikira 2015.

Sadadzipulumutse yekha. Adaona anzake ena, amuna amphamvu ndi otchuka, akuvutika kuwerenga buku la malangizo a timu. Tsono mu 1988 iye ndi mkazi wake Diane adakhazikitsa bungwe la Page Education Foundation, lothandiza achinyamata kupita ku koleji, pa pangano lakuti aliyense wothandizidwa nayenso azithandiza ana aang'ono pa maphunziro ao.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife oonera. Mwana wathu akaonetsa luso la miyendo timamtama, tikumalekerera mabuku ake akudyedwa ndi chiswe. Mawa akadzavulala, khwimbi lija lidzakhala likuombera m'manja wina. Ngati timkondadi, tiyeni timfunse za sukulu lero, akadali pamsana pa njovu.