Asanatseke msika, ayambe afunsa aphungu

Abale anga a mumsika, pali ndime imodzi m'malamulo aakulu oyendetsera dziko lino imene ndikufuna muiloweze pamtima monga momwe mumalowezera mtengo wa thumba la mtedza. Ndi ndime 45. Ambirife timayesa kuti zamalamulo ndi za maloya ndi anthu ovala mataye a ku Capital Hill. Ayi ndithu. Ndime imeneyi ikukamba za benchi yanu, mulu wanu wa tomato ndi mpamba wanu. Tsiku limene boma lingati dziko lili pa ngozi, choyamba kutsekedwa si ofesi ya nduna ayi. Amayamba ndi msewu ndi msika.

Ndimeyi ikuti Pulezidenti angathe kulengeza State of Emergency, imene ndi nyengo yoti boma limaloledwa kutilanda kwa kanthawi ena mwa maufulu athu, monga ufulu woyenda, wosonkhana ndi wolankhula. Koma sangangodzuka m'mawa n'kulengeza. Choyamba, komiti ya aphungu yoona zachitetezo iyenera kuvomereza. Chachiwiri, pakhale nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yachilengedwe yokuta dera lalikulu. Chachitatu, lamulolo ligwire kokhako kumene kuli vuto. Madzi akasefukira ku Nsanje palibe chifukwa chotsekera msika wa Nsaru. Chachinayi, masiku ake ndi 21 basi. Akafuna kuwonjezera apite ku Nyumba ya Malamulo, magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse avomere, ndipo asapitirire miyezi itatu pa nthawi imodzi. Pa aphungu 229 amene malo awo adapikisanidwa pa chisankho cha 2025, ndiye kuti pafunika mavoti 153. Munthu akamangidwa m'nyengo yotereyi, mbale wake adziwitsidwe pasanathe maola 48. Ndipo aliyense angathe kukadandaula ku bwalo lalikulu la milandu.

Amene adalemba malamulo amenewa mu 1994 sadali kulota. Adali ndi zipsera. Pa 3 Marichi 1959 bwanamkubwa wachitsamunda Robert Armitage adalengeza State of Emergency m'dziko muno. Dr Kamuzu Banda adatengedwa m'bandakucha kupita kundende ya Gwelo. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa, ambiri ku Kanjedza. Anthu oposa 50 adaphedwa, kuphatikizapo aja adawomberedwa padoko la Nkhata Bay. Nyumba ya malamulo ya nthawi imeneyo idali ndi anthu akuda asanu okha, ndipo mmodzi wa iwo, a Henry Masauko Chipembere, nawonso adamangidwa. Nanga akadafunsa ndani? Nyengoyo idatha mu Juni 1960, patapita miyezi 15.

Ufulu utabwera mu 1964 timayesa zatha. Koma boma la chipani chimodzi lidangotola chikoti pamene mtsamunda adachisiya. Munthu amatsekeredwa ku Dzaleka kapena ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu. Nyumba ya Malamulo idalipo ku Zomba kuja, koma ntchito yake idali kuwomba m'manja. Agogo anga a ku Nambuma amatiuza kuti masiku amenewo munthu umanyamula dengu la nyemba mtunda wonse, n'kukabwezedwa pachipata cha msika chifukwa ulibe khadi ya chipani. Amati chopweteka sichidali khadiyo ayi, koma kuti kudalibe koti ukanene. Phungu wako yemwe amaopa kuposa iwe.

Ndiye chifukwa chake titavotera matipate pa 14 Juni 1993, olemba malamulo adamanga Pulezidenti chingwe m'chiuno, nsonga yake n'kupatsa aphungu. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Kudapsa mu 2020. Pa 20 Marichi chaka chimenecho a Peter Mutharika adalengeza State of Disaster chifukwa cha Covid-19, pogwiritsa ntchito lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. State of Disaster ndi mfuwu woitana chithandizo ndi kusonkhanitsa zipangizo. Sipatsa boma mphamvu yotsekera anthu m'nyumba. Mphamvu imeneyo ili mu State of Emergency, imene imadzera kwa aphungu. Koma pa 14 Epulo tidamva pawailesi kuti kukhala m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pakati pa usiku wa pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi, ndipo misika ikuluikulu itsekedwa. Malamulo a m'bindikirowo adasainidwa ndi nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango. Njira ya ndime 45 sadadzeremo.

Mayi anga amapikula mtedza ndi soya ku Nsaru ndi kwa Kabudula n'kumakagulitsa m'tauni. Epulo ndiye mwezi umene geni yawo imadzuka, anthu akamakolola. Chaka chimenecho adali atangotenga ngongole ku banki m'khonde kuti awonjezere mpamba. Uthenga utatha pawailesi adakhala chete, kenaka adandifunsa kuti, "Iwe mwana wanga unapita kusukulu, tandiuza. A banki m'khonde nawo abindikira masiku 21? Nanga chiwongoladzanja nacho chibindikira?" Azakhali anga amene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa Mchinji pa Mpingu adangoti, "Tomato sadziwa lamulo, achimwene. Masiku atatu wawola." Amauza bambo anga, koma tonse tidamva.

Mafunso amenewa si ovuta. Phungu aliyense amene adadutsapo pa Namitete tsiku la msika akadawafunsa. Kodi wokwera kabaza adya chiyani? Kodi mayi wa zitumbuwa amene ndalama ya ufa wa madzulo amaipeza masana omwewo atani? Koma boma lidapereka masiku anayi okha oti anthu akonzeke, ngati kuti aliyense ali ndi firiji yodzadza. Safunsa adadya phula. Mavenda ku Mzuzu ndi ku Blantyre adatuluka m'misewu kunena kuti njala iwapha matenda asanawapeze.

Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, jaji Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu ku Lilongwe adapereka chiletso. Amene adakadandaula adali a bungwe la HRDC pamodzi ndi ena, ndipo dzina loyamba pamlanduwo lidali la mayi Esther Kathumba, amene panthawiyo adali phungu wa Lilongwe Mapuyu South, kumadzulo kwathu kuno. Taganizani abale. Phungu, amene malamulo akuti Pulezidenti adzere ku Nyumba yake, akukaima pamzere ku khothi ngati ine ndi inu, chifukwa ku Nyumbako nkhaniyo sidapite kukavomerezedwa. Chiletso chitagwa, kumapeto kwa mwezi womwewo, ndi pamene boma lidalengeza za K35,000 pamwezi yothandizira mabanja osauka a m'mizinda. Ndalamayo adaikumbukira atakanizidwa. Ndipo wa ku Nsaru, amene amadyetsa mzindawo, sadali m'kaundula wa m'mizinda.

Mu Seputembala 2020 majaji atatu oona za malamulo aakulu adagamula kuti m'bindikiro uja udali wosemphana ndi malamulo. Mfundo yawo idali yoti kulanda anthu maufulu mpaka pamenepo n'kotheka pokhapokha pali State of Emergency yolengezedwa motsata ndime 45, osati kudzera m'malamulo ang'onoang'ono a nduna. Kunena mwachidule, boma lidafuna kulowa m'nyumba podzera pawindo chitseko chilipo.

Wina anena kuti, "Iwe mtolankhani, matenda aja adali enieni." Zoona. Adali enieni ndipo adatenga abale athu. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Ine sindikunena kuti boma lizingoyang'ana anthu akufa. Ngozi zilipo: namondwe Freddy adapha anthu mazanamazana kumwera mu Marichi 2023, ndipo mu Marichi 2024 a Lazarus Chakwera adalengeza State of Disaster m'maboma 23 chifukwa cha chilala. Nyumba ikamapsa pafunika wina wothamanga. Koma komiti ya aphungu si msonkhano wa dziko lonse. Ingathe kukumana tsiku limodzi. Kufunsa sikuchedwetsa kuzimitsa moto. Kumangothandiza kuti wozimitsayo asagwetse nyumba ya mnansi.

Ndipo tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya chipani chimodzi. Amene adali kotsutsa mu Epulo 2020 adalowa m'boma mu Juni chaka chomwecho. Pasanathe chaka tidamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene gawo lake lidathera m'maalawansi ndi m'zogulagula zosalongosoka, mpaka nduna ya zantchito kuchotsedwa mu Epulo 2021. Mawu oti ngozi akangomveka, ndalama zimatuluka mothamanga ndipo mafunso amachepa. Wovala buluu, wovala tambala, wovala yelo, onse ndi anthu. Chingwe chija chidamangidwira aliyense wokhala pampandopo.

Ife a kumadzulo kwa Lilongwe tili ndi chifukwa china choopera. Mu Okutobala 2019, wapolisi wina ataphedwa pa zipolowe pa Msundwe, apolisi adalowa m'midzi ndi m'malo a malonda a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu lidapeza kuti amayi ndi atsikana 18 adagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza zina, ndipo lidalamula kuti apepesedwe. Izi zidachitika popanda State of Emergency, maufulu onse ali m'malo mwake papepala. Nanga tsiku limene adzauzidwe kuti aliyense wopezeka pamsewu walakwa, kudzakhala bwanji? Mayi wolawirira 4 koloko m'bandakucha kukadikira matola ndi thumba lake adzamuteteza ndani? Ndiye chifukwa chake masiku 21 aja, dera lija, ndi maola 48 aja si manambala wamba.

Koma lamulo lokha silidzuka pampando. Ku Zimbabwe State of Emergency idayamba mu 1965 pansi pa Ian Smith ndipo idatha mu 1990, patapita zaka 10 dzikolo lili pa ufulu. Nyumba ya malamulo ya kumeneko idalipo, ndipo imangowonjezera nthawi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ku Zambia nako idakhala kuyambira 1964 mpaka 1991. Phungu wongokweza dzanja chifukwa bwana wakweza ndi chimodzimodzi kusakhala ndi phungu. Mu 2020 adatipulumutsa ndi khothi, koma khothi limadikira wina akadandaule, ndipo maloya sadya tomato wowola. Malo oyamba omenyera nkhondo imeneyi ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Tsono inu apampando a makomiti a misika, inu amayi a kaunjika, inu anyamata a sikelo, phungu akabwera kumsika musamangomupempha shedi ndi zimbudzi. Zimenezo n'zofunika, koma wonjezerani mafunso atatu. Bwana, kodi ndime 45 mumaidziwa? Kodi mu komiti ya zachitetezo muli ndani ndi ndani? Ndipo tsiku limene Pulezidenti wa chipani chanu chomwe adzafune kutseka msika uno, inu mudzafunsa kuti ife tidya chiyani musanakweze dzanja? Mumuyang'ane m'maso poyankha. Tiketi ya msika mumadula tsiku lililonse, ndipo voti mudaponya dzuwa likuswa mtengo. Muli ndi ufulu womva yankho.